Mpira wopatsirana kapena wobisalira: tidalire uti polosera zigoli?

Pa 6 Disembala 2022, tsiku limene Spain inkakumana ndi Morocco pa chikho cha dziko lonse ku Qatar, kumene timaonera mpira kunali anthu ochepa kwambiri oikira kumbuyo Morocco, ndipo ochepawo chifukwa chawo chinali chakuti ndi anzathu a mu Africa basi. Ambiri ankati 2-0, ena 3-0. Sankalankhula zopanda mutu ayi, pajatu masabata awiri m'mbuyomo Spain yomweyo inali itathira Costa Rica zigoli 7 kwa duu. Koma mphindi 120 zinatha ukonde osagwedezeka. Spain inapatsirana mpira maulendo opitirira 1,000, koma umene unalunjika pagolo unali umodzi wokha. Atafika pamapenate, Sarabia anamenya chitsulo, Bounou anagwira ya Soler ndi ya Busquets, Hakimi n'kumaliza ntchito.

Masewero amenewo anaonetsa poyera mitundu iwiri ya mpira imene ife ochemerera timakanganirana sabata ndi sabata. Wina ndi wopatsirana, uja wa Pep Guardiola ndi Spain, woti mpira uzikhala kumapazi kwanu nthawi zonse. Winawo ndimautcha wobisalira, uja wa José Mourinho ndi Diego Simeone, woti mdani umusiyire mpira, iwe utseke njira zonse, udikire aphonye kamodzi. Mkangano wa uti wokoma m'maso sudzatha, aliyense ali ndi mtima wake. Koma pa nkhani yolosera zigoli, mitundu iwiriyi ili ndi makhalidwe oti munthu akawadziwa saponya mawu mwachisawawa.

Mu mpira wopatsirana goloboyi saulutsa mpira kutsogolo, amapatsira wotchinga kumbuyo amene ali pafupi. Wapakati mmodzi amatsika kudzaulandira, a m'mbali amakaima kumzere penipeni kuti adani atambasuke, ndiye mpira umayenda uku ndi uku mpaka penapake patatseguka. Zili ngati bawo: wodziwa amawerenga nkhomo zingapo kutsogolo asanagwire n'komwe. Mpira ukawapulumuka, onse amene ali pafupi amamuunjirira amene wautenga kuti aulande asanatukule mutu.

Pamene ambiri timasokonezeka ndi apa: timaona timu ikugwira mpira kwambiri n'kuganiza kuti igoletsanso kwambiri. Kugwira mpira ndi njiranso yotchingira kumbuyo, chifukwa munthu wopanda mpira sangakuchinyeni. Taonani Spain imene inatenga chikho cha dziko lonse ku South Africa mu 2010, ili ndi Xavi, Iniesta, Busquets ndi Villa. M'masewero 7 inagoletsa zigoli 8 zokha. Inayamba ndi kugonja 1-0 kwa Switzerland, ndipo itatuluka m'gulu inapambana Portugal 1-0, Paraguay 1-0, Germany 1-0, Netherlands 1-0, chigoli cha Iniesta chikubwera pa mphindi ya 116. Amene ankalosera 3-0 poona mayina a osewerawo ankagwa nazo tsiku lililonse.

Mphamvu yeniyeni ya mpira umenewu imaonekera mu ligi. Manchester City ya 2017/18 inapambana masewero 32 mwa 38, inagoletsa zigoli 106 n'kupeza mapointi 100. Kenako inadzatenga ligi kanayi motsatizana, kuyambira 2021 mpaka 2024. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Timu yaing'ono ikhoza kuthamangitsa mpira mphindi 60 osalakwitsa, koma miyendo ikatopa mutu nawonso umatopa, wina amachedwa phazi limodzi, chigoli n'kulowa. Chikalowa chimodzi amakakamizika kutuluka, ndiye mipata imachuluka. Pa masewero 38, timu yopatsirana bwino imaterereka kangapo, koma ambiri imakolola.

Mtengo wake ndi wokwera. Mpira umenewu umafuna osewera amtundu wake, makamaka uja wokhala kutsogolo kwa otchinga kumbuyo. Rodri atavulala bondo mu Sepitembala 2024 posewera ndi Arsenal, City inayamba kugonja motsatizana mwa njira imene sitinaionepo pansi pa Guardiola, ndipo inamaliza pa nambala 3. Osewera ena ambiri analipo, mphunzitsi yemweyo, koma msana unali utathyoka. Umafunanso bwalo losalala ndi miyezi yambiri yophunzira limodzi. Pabwalo la zigumugumu, kupatsirana pafupi ndi golo yako ndi kudziitanira tsoka.

Mpira wobisalira anthu amaunyoza kuti ndi wamantha, koma amene anaonera Inter Milan ndi Barcelona mu Champions League mu Epulo 2010 sanganene choncho. Ku San Siro, Pedro ndiye anayamba kugoletsa, koma Sneijder, Maicon ndi Milito anabweza, 3-1. Ku Camp Nou, Thiago Motta anaonetsedwa khadi lofiira pa mphindi ya 28, Inter n'kutsala ndi anthu 10 kwa nthawi yopitirira ola lathunthu pamaso pa Messi, Xavi ndi anzawo. Samuel Eto'o, munthu womwetsa zigoli amene chaka chapitacho anali wa Barcelona yomweyo, anatha masewerowo akutchinga kumbali ngati sanagoletsepo chibadwire. Mpira akaulanda sankavutika n'kuusunga, ankangoutaya kutali n'kubwerera m'malo mwawo. Piqué anapeza chigoli kutatsala mphindi zochepa, koma chinali chimodzi chokha, ndipo Inter inapitirira n'kukatenga chikho ku Madrid pogonjetsa Bayern Munich 2-0, zonse za Milito. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwa anthu 10 aja kunafuna mtima woposa wa munthu amene ali ndi mpira kuphazi. Mmodzi yekha akanatengeka n'kusiya malo ake, ntchito yonse ikanagwa.

Si kuti mpira umenewu sungatenge ligi. Chelsea ya Mourinho mu 2004/05 inachinyidwa zigoli 15 zokha chaka chonse. Atlético Madrid ya Simeone inalanda ligi ya ku Spain m'kamwa mwa Barcelona ndi Real Madrid mu 2014 ndi 2021. Leicester City ya Claudio Ranieri mu 2015/16 inagonja katatu kokha n'kumaliza ndi mapointi 81: Kanté amalanda, Mahrez kapena Drinkwater amaponya kutsogolo, Vardy ali pa liwiro. Koma chaka chotsatira Kanté atapita ku Chelsea, matimu nawo atasiya kuiputa mwachibwana, Leicester inamaliza pa nambala 12, ndipo Ranieri anachotsedwa ntchito mu Febuluwale 2017. Msampha umagwira nyama imene ikubwera. Nyama ikaima patali n'kukusiyira mpira kuti uyambe ndiwe, wobisalira amasowa chochita.

Chofooka china chachikulu ndi kuyamba kuchinyidwa. Morocco ija inatulutsa Spain, kenako Portugal 1-0 ndi mutu wa En-Nesyri, n'kukhala timu yoyamba ya mu Africa kufika mu ndime ya matimu anayi. Itakumana ndi France, Theo Hernández anagoletsa pa mphindi ya 5. Kuchokera pamenepo Morocco ndi imene inagwira mpira kwambiri, inasewera mokoma ndithu, koma France ndi imene tsopano inkabisalira, ndipo Kolo Muani anadzatseka ndi chachiwiri. Timu yomweyo, osewera ambiri omwewo, koma chigoli chimodzi chinasintha amene akudikira ndi amene akufunafuna.

Pali mtundu wachitatu woyenera kuutchula mwachidule, uja wa Jürgen Klopp ku Liverpool, wolanda mpira kufupi ndi golo ya mdani n'kuthamangira pomwepo. Umenewu sudekha ngati iwiri ija, n'chifukwa chake masewero ake amakonda kukhala a zigoli zambiri: 4-3 ndi City mu Januwale 2018, 4-0 ndi Barcelona mu Meyi 2019. Umadya mphamvu kwambiri, ndipo osewera akatopa kapena kuvulala kumbuyo kumatsala chitseko chotsegula.

Nkhaniyi imatikhudzanso kuno kwathu. Flames itapita ku chikho cha mu Africa ku Cameroon mu Januwale 2022, mphunzitsi Mario Marinica ankalimbikitsa mpira wothamanga, wosachedwa pakati, ndipo ochemerera ambiri ankadandaula kuti watichotsera mpira wapansi umene tinazolowera. Koma tiyeni tikumbukire zimene zinachitika pabwalo. Tinagonja 1-0 kwa Guinea, tinapambana Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango, kenako tinalepherana 0-0 ndi Senegal ya Sadio Mané, imene inadzatenga chikhocho. Patsikulo woimbira anatipatsa penate n'kudzaibweza ataona kanema, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Ndi Morocco ku Yaoundé, Gabadinho anaona goloboyi wasuntha n'kuponya mpira uja kuchokera kutali pa mphindi ya 7. Titatero tinabwerera kumbuyo, goloboyi wathu Charles Thom akutchinga mipira yambirimbiri, mpaka En-Nesyri anabweza chigawo choyamba chili pafupi kutha, Hakimi n'kudzamaliza ndi firikiki pa mphindi ya 70.

Masewero a Morocco amenewo akuonetsa zabwino ndi zoipa za kubisalira nthawi imodzi. Tikanati tipikisane nawo popatsirana, anthu osewera m'maligi akuluakulu a ku Ulaya, zigoli zikanachuluka. Kubisalira kunatisunga m'masewero mpaka kumapeto. Koma kutchinga mphindi 80 popanda munthu wosunga mpira kutsogolo kuti anzake apume kumabala mafaulo pafupi ndi bokosi, ndipo faulo imodzi kwa munthu ngati Hakimi ndi yokwanira. Maganizo anga ndi akuti timu ya dziko, imene osewera ake amakumana masiku ochepa okha asanasewere, komanso ambiri anakulira pamabwalo a fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja, iyenera kuyambira pa kutchinga mwadongosolo ndi liwiro kutsogolo. Kupatsirana kwa Guardiola kumaphunziridwa tsiku ndi tsiku kwa zaka, ndipo malo ake ndi kukalabu ndi kumatimu a ana. Timu ngati Bullets, Wanderers kapena Silver ikamasewera ndi yaing'ono mu ligi, imeneyo ndiye iyenera kudziwa kugwira mpira, chifukwa mdani amabwera atatseka kale.

Tsono polosera, ine ndimayamba ndi funso lakuti masewerowa ndi a ligi kapena achipulumutso, oti wogonja atuluke. Mu ligi, timu yopatsirana ikakhala pakhomo ndi timu yapansi, ndimaipatsa 2-0 kapena 3-1, ndipo ndimayembekezera kuti zigoli zambiri zibwera chigawo chachiwiri miyendo ya alendo itatopa. Mu chikho ndimatsitsa manambala, ngakhale mayina atakula bwanji. City yomwe ija inagonja 1-0 kwa Chelsea mu fainolo ya Champions League ya 2021 ku Porto, Havertz atapatsidwa mpira umodzi wodutsa pakati, ndipo pamene inadzatenga chikhocho mu 2023 ku Istanbul inapambana Inter 1-0 movutikira, chigoli cha Rodri. Greece inatenga chikho cha ku Ulaya mu 2004 popambana France, Czech Republic ndi Portugal, onse 1-0. Wobisalira akakumana ndi wopatsirana m'masewero amodzi okha, 1-0, 1-1 ndi 0-0 ndi manambala oyamba kuwaganizira.

Ndikatero ndimadikira mndandanda wa osewera, umene umatuluka masewero atatsala pang'ono kuyamba. Kwa opatsirana ndimayang'ana ngati wapakati wawo wokhazikika uja alipo. Kwa obisalira ndimayang'ana zinthu ziwiri: otchinga apakati awiri ozolowerana, ndi munthu waliwiro kutsogolo. Waliwiroyo akasowa, timuyo ikhoza kutchinga bwino koma sigoletsa, choncho ndimaiika pa 0. Ochemerera ambiri amangofunsa ngati womwetsa zigoli wotchuka akusewera, pamene nthawi zambiri masewero amagamulidwa ndi uja amene dzina lake silimveka kawirikawiri pa wailesi.

Matimu awiri obisalira akakumana, aliyense amakana mpira, ndipo chigoli chimachokera pakona, pafirikiki kapena pa kulakwitsa kwa munthu mmodzi. Awiri opatsirana akakumana, mmodzi amakakamizika kusewera mpira umene sanauzolowere, ndipo amene walandidwa mpirayo ndiye amavutika. Masewero a Arsenal ndi City a mu Sepitembala 2024 aja anasonyeza kuti timu imodzi ikhoza kuvala zonse ziwiri tsiku limodzi: Arsenal, imene imakonda kugwira mpira, itatsogola 2-1 n'kutaya Trossard ndi khadi lofiira, inatha chigawo chonse chachiwiri ili m'bokosi mwake, mpaka John Stones anabweza pa mphindi ya 98.

Ndikafunsidwa kuti ndisankhe mtundu umodzi woti ndiuikire kumbuyo chaka chonse cha ligi, ndisankha wopatsirana, bola osewera ake akhale athunthu. Ndikafunsidwa za usiku umodzi wa chikho, timu yaing'ono ili ndi goloboyi wabwino ndi mnyamata mmodzi wothamanga, sindingalembe zigoli zoposa ziwiri m'masewero onsewo, ndipo ndimayang'anitsitsa mphindi 20 zoyambirira kuti ndione ngati mpandawo waima.