Lekichala kapena sewero, histori imalowa bwino pati?

Pulofesa Mark Carnes wa ku Barnard College ku New York ataona kuti ophunzira akungoboweka m'kalasi, cha m'ma 1990 anayambitsa njira ija amati Reacting to the Past, yoti ophunzirawo azisewera okha mbiri.

Lekichala tonse timaidziwa, aphunzitsi kutsogolo inu kukopera manotsi. Ubwino wake silabasi imatha, ndipo olo mukhale 300 mu holo zimatheka. Koma mayeso akangodutsa zambiri zimauluka.

Sewero ndiye ndi zina. Amakupatsa munthu woti ukhale, tinene mu mzinda wa Athens ku Greece mu 403 BC utagonja pa nkhondo kwa mzinda wa Sparta, wina akufuna demokalase ibwerere wina akuti ayi alamulire ochepa, ndiye umawerenga zolemba za Plato, munthu wanzeru zakuya wa ku Athens konko, usiku osati poopa mayeso koma kuti mawa anzako asakugwetse pa mtsutso, kenako mumavota, aphunzitsi ali phee kumbuyo. Vuto limadya nthawi, masabata angapo pa nkhani imodzi, komanso voti itha kupita kosiyana ndi zomwe zinachitikadi ndiye pomaliza aphunzitsi amayenera kuwongola. Wamanyazinso amavutika heavy masiku oyamba.

Ine kalasi ikakhala yochepa bola sewero, holo yodzadza ija lekichala basi.