Syncthing pa gulu lowerengera limodzi: imagwira, koma ikufuna mwambo

Nyenyezi 4 mwa 5.

Kwa ophunzira 5 kapena 6 omwazikana mu Johannesburg muno, wina ku Braamfontein wina ku Rosettenville, Syncthing, pulogalamu yogawana mafayilo pakati pa mafoni ndi makompyuta, imathetsa vuto la manotsi omwe amamira pa WhatsApp pakati pa mauthenga a maliro ndi a mpira. Ndi yaulere. Mafayilo sasungidwa pa seva ya kampani, amangochoka pa laputopu ya wina kulowa pa foni ya mnzake. Mukakhala pa Wi-Fi imodzi, bando ya data siikhudzidwa n'komwe.

Kulumikiza sikuvuta. Pa kompyuta imatsegukira mu browser pa 127.0.0.1:8384. Chipangizo chilichonse chili ndi Device ID yake, nambala yochizindikirira, yomwe imaonekanso ngati QR code. Mnzanu ajambule QR code yanu, inunso muvomereze mbali yanu, apo ayi palibe chomwe chiyende. Mmodzi mumuike kukhala Introducer, wodziwitsa zipangizo za anzake kwa ena, kuti obwera mochedwa asavutike kulumikiza aliyense payekha.

Pomwe magulu ambiri amagwera ndi pa khalidwe la anthu. Fayilo imayenda pokhapokha zipangizo ziwiri zili zoyaka nthawi imodzi. Wina amangotenga mapepala a mayeso akale n'kuzimitsa pulogalamu, ndiye amene alowa usiku amapeza palibe woti amupatse. Magetsi akathima, nkhani ndi yomweyo. Mankhwala ake ndi laputopu imodzi yakale yomwe batire lake likadali lamoyo, izikhala yoyaka usana ndi usiku. Za otenga osaponyamo, pulogalamuyi ilibe chowakakamizira. Chomwe chimathandiza n'kupatsa munthu aliyense foda ya dzina lake, ya Send Only (yongotumiza) kwa mwiniwake ndi Receive Only (yongolandira) kwa enawo. Foda yopanda kanthu imaonekera kwa onse ngati dzina la wosasonkha pa chipereganyu, ndipo manyazi amagwira ntchito kuposa kukumbutsana.

Foda ya onse, ya Send & Receive (yotumiza ndi kulandira), ndiyo yoopsa. Wina akafufuta fayilo kuti apeze malo pa foni, imafufutika kwa aliyense. Yatsani File Versioning, yosunga makope akale a mafayilo, pa chipangizo chilichonse tsiku loyamba lomwelo. Mtundu wa Simple umasunga makope 5 akale mu foda yobisika ya.stversions. Koma imateteza zosintha zochokera kwa anzanu zokha. Zomwe mwafufuta nokha muzikazipeza kwa iwo. Awiri akasintha fayilo imodzi asanalumikizane, pamabadwa ina yokhala ndi mawu oti sync-conflict m'dzina, ndipo kuphatikiza ziwirizo n'kwa manja. Choncho ntchito yolemba pamodzi musaichitire muno.

Wi-Fi ya m'malo ambiri ogona ophunzira imaletsa zipangizo kuonana. Zikatero Syncthing imadutsira pa relay, seva ya pa intaneti yongopatsira mafayilo: amafika, koma mwapang'onopang'ono. Hotspot ya foni imodzi imathetsa zimenezi mukakhala chipinda chimodzi. Pa rauta yanuyanu, tsegulani port 22000, khomo lomwe Syncthing imadzera polumikiza zipangizo mwachindunji.

Nyenyezi yachisanu yagwera pa mafoni. App ya eni ake ya Android inasiya kukonzedwa kumapeto kwa 2024, moti pano anthu akugwiritsa ntchito Syncthing-Fork, app yofanana nayo yomwe amakonza anthu ena. Muiuze izigwira pa Wi-Fi pokha, kupanda kutero vidiyo imodzi ya phunziro idya bando ya sabata. A iPhone alibe app ya eni ake, amadalira za ena monga Möbius Sync, ndipo iOS siilola kuti izigwira nthawi zonse foni ili m'thumba.