Ulendo wa tsiku limodzi ku Cape Maclear: boti ndi labwino, vuto ndi anyani

Aphunzitsi ochokera kunja akangozolowera sukulu, Loweruka loyamba lopuma amafunsa za kunyanja, ndipo anzawo amawalozera ku Cape Maclear. Ulendo umene operekeza alendo a m'mudzi wa Chembe amagulitsa ndi wofanana pafupifupi paliponse m'mbali mwa gombe: boti lopita ku chilumba cha Thumbi, kusambira ndi magalasi kuonera mbuna (tinsomba tamitundu yowala tokhala m'miyala), kudyetsa nkhwazi, nkhomaliro ya nsomba yootcha ndi mpunga, kenaka madzulo kuyenda wapansi kukafika ku Otter Point. Ndalama yake siipita pachabe.

Koma tsiku limodzi limakwanira kwa amene ali ku Mangochi kapena ku Monkey Bay basi. Kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Dedza n'kutsika ku Golomoti ndi maola 4 kapena kuposerapo, ndiye kupita n'kubwerera tsiku lomwelo n'kudzizunza. Mukatsala pang'ono kulowa m'tauni ya Monkey Bay mumakhota kumanzere, n'kuyenda makilomita pafupifupi 18 pakati pa mapiri. Opanda galimoto amakwera kabaza wa njinga yamoto pamphambano pomwepo. Mugwirizane naye nthawi yodzakutengani, chifukwa kukada zoyendera zimavuta.

Yesetsani kuti boti linyamuke isanakwane 10 koloko. M'mawa madzi amakhala bata ndipo mbuna zimaoneka bwino pamiyala. M'miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nyanja imatha kusintha mwadzidzidzi, choncho woyendetsa akanena kuti lero ayi, musamukakamize.

Musanakwere, funsani kuti mtengowo ukuphatikiza chiyani. Mikangano yambiri imayambira pa ndalama yolowera m'paki. Thumbi ndi Otter Point zili mkati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulembedwa ndi bungwe la UNESCO pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, ndipo ena amatchula mtengo wa boti wokha, za pakizo n'kudzazitulutsa muli kale pamadzi. Mitengo yolowera imasiyana pakati pa Mmalawi, mlendo wokhala m'dziko muno ndi wongodutsa, ndiye mphunzitsi amene ali ndi chilolezo chogwira ntchito anyamule pepala lake. Werengani majekete oyandamitsa kuti akwanire aliyense. Magalasi osambirira muwayese muli kumtunda: akanikizeni kumaso osavala lamba, kokani mpweya ndi mphuno, akagwa ndiye kuti mphira yake inatha ndipo azilowetsa madzi.

Zankhwazi n'zosangalatsa ngakhale kwa amene anakulira kunyanja. Woperekeza amaimba mluzu, n'kuponya kansomba patali pang'ono ndi boti. Mbalameyo imachoka mumtengo, kutsetsereka mapiko ali tambalale, kutola nsombayo ndi zikhadabo osanyowetsa nthenga. Zimangotenga kamphindi, wojambula akonzekeretu.

Tsopano anyani. M'nkhalango za pakiyi muli anyani komanso apusi, ndipo mumakumana nawo pamsewu wa m'mapiri uja, pafupi ndi maofesi a paki ndiponso m'kanjira ka ku Otter Point. Kwa ife ndi akuba chimanga, koma mlendo amene anangowaonapo m'khola amafuna kuwayandikira. Apa m'pamene operekeza ena amalakwitsa: pofuna kusangalatsa mlendo amaponya nthochi kuti anyani abwere pafupi ajambulidwe. Nyani wozolowera kupatsidwa sadikiranso kupatsidwa. Amadziwa kulira kwa jumbo, amadziwa kuti chikwama chili ndi zipi, ndipo galimoto yosiyidwa windo lotsegula amalowamo. Woperekeza amene wanyamula nthochi za anyani musamusankhe.

Chakudya chikhale mkati mwa chikwama chotseka, osati m'manja. Nyani wamphongo musamuyang'anitsitse m'maso ndipo musamuonetse mano ngati mukumwetulira, kwa iye ndi ndewu. Akayasamula n'kuonetsa mano aatali aja si kuti ali ndi tulo. Musaime pakati pa mayi ndi mwana wake. Akatsomphola chinthu musiyeni, musakokane naye. Bwererani pang'onopang'ono osathamanga. Wolumidwa kapena kukandidwa atsuke bala ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, kenaka apite kuchipatala tsiku lomwelo akafunse za katemera wa chiwewe ndi wa kafumbata, ngakhale kabalako kaoneke kakang'ono.

China chimene operekeza ambiri sakonda kutchula ndi likodzo. Ku Cape Maclear liliko, makamaka m'madzi osaya a kutsogolo kwa mudzi kumene anthu amachapa ndi kusamba. Nkhono zonyamula tizilombo ta likodzo zinachuluka nsomba zodya nkhono zitachepa. Kusambira kumiyala ya ku Thumbi kumachepetsa chiopsezo koma sikuchichotsa. Ena amagula praziquantel, mankhwala a likodzo, n'kumwa madzulo omwewo, zomwe n'kutaya mankhwala, chifukwa sagwira bwino tizilombo tisanakule. Dikirani masabata 6 mpaka 8, kayezetseni, ndipo mlingo wake achipatala amawerengera kulemera kwa thupi.

Nkhomaliro imadalira zimene asodzi abwera nazo. Kampango wowotcha pamakala pachilumba amakoma kuposa wa m'malo ogona ambiri, koma itanitsani m'mawa musananyamuke, apo ayi mudya 3 koloko. Madzi akumwa nyamulani anu, malita 2 munthu aliyense.

Ngati nthawi yatsala, manda a amishoni a Livingstonia ali pafupi ndi chipata cha paki. Anafika pamalopa mu 1875, malungo anawatha mphamvu, n'kusamukira ku Bandawe mu 1881. Mphindi 20 zikwanira, ndipo mphunzitsi apezapo phunziro la Lolemba. Nyamukani pofika 4 koloko kuti mapiri aja muwadutse kukadawala.