Zipangizo zophunzirira kumenya gofu: zothandiza ndi zongodya ndalama kwa ife a ku Salima

Anzanga angapo amene ayamba gofu posachedwapa, ena ogwira ntchito m'malo ogona alendo ku Senga Bay ndipo ena a pa boma pano, akhala akundifunsa mobwerezabwereza kuti pa zipangizo zonse zimene amaziona pa YouTube ndi pa Facebook, zolonjeza kukonza kamenyedwe ka mpira, choyenera kugula ndi chiti. Funsoli ndi lomveka kwa munthu wa ku Salima, pakuti mabwalo amene timaseweramo ali kutali. Lilongwe Golf Club ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kudzera mumsewu wa M14, ndipo kuti mukafike pa bwalo la Kasasa ku Dwangwa muyenera kutsata M5 mpaka kupitirira Nkhotakota. Choncho masiku ambiri a pamwezi ndodo zathu timazigwirira kuseri kwa nyumba kapena pamchenga wa kunyanja, popanda mphunzitsi wotiyang'ana. N'chifukwa chake chipangizo chilichonse ndimachiyeza ndi muyeso umodzi, woti chizindiuza zoona za chimene chachitika pamene ndodo yakumana ndi mpira ndi nthaka, osati kungondisangalatsa mtima.

Ndiyamba ndi chimene chinandipweteka, chifukwa n'chimenenso anthu ambiri amachisirira. Pali tizipangizo tamagetsi tomangirira kuchigwiriro cha ndodo kapena padzanja, komanso timakina toika kumbuyo kwa mpira, timene timatumiza manambala ku foni osonyeza liwiro la ndodo, kumene nkhope ya ndodo inaloza, ndi mtunda umene mpira ukanayenda. Cholinga chake ndi kutsanzira TrackMan, makina a ku Denmark amene akatswiri amagwiritsa ntchito, omwe mtengo wake umapitirira madola 20,000, pamene timeneti timagulitsidwa pa madola mazana ochepa. Ine ndinaitanitsa kamodzi ka mtundu womangirira kundodo, ndipo dzina la kampani yake sindilitchula. Mtengo umene unalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu unali woyamba chabe. Panabwera ndalama yonyamulira katundu, kenako msonkho wolowetsera katunduyo m'dziko, ndipo ziwirizi sindinadandaule nazo chifukwa aliyense woitanitsa zinthu kunja amaziyembekezera. Chimene sichinanenedwe poyera n'chakuti pulogalamu ya pafoni, imene popanda iyo kachipangizoko ndi kapulasitiki wamba, inali yaulere kwa kanthawi koyamba kokha.

Kanthawiko katatha, ndinatsegula foni nditamaliza kumenya mipira, ndipo m'malo mwa manambala panatuluka uthenga wofuna ndalama ya pachaka m'madola. Zinthu zochepa zosafunika kwenikweni zinatsala zotsegula, koma zonse zimene ndinagulira kachipangizoko zinatsekedwa, kuphatikizapo mbiri ya kamenyedwe kanga ka miyezi ya m'mbuyo, imene ndinaikhetsera thukuta ndekha padzuwa la Okutobala. Zinali ngati wagula mbuzi n'kulipira ndalama yonse, koma wogulitsayo akukana kusiya chingwe. Kwa munthu wolandira malipiro ake m'madola ndalama ya pachakayo mwina ndi yochepa, koma ife tikukumbukira zimene zinachitika mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Chilichonse cholipira m'madola chaka ndi chaka chinakwera usiku umodzi, ndipo munthu sungadziwe kuti chaka chamawa kachipangizo kamene unagula kale kadzakulipiritsa zingati.

Ngakhale ndalamayo mukhale nayo m'thumba, kulipira kunja ndi khadi la kubanki m'nyengo ino ya kusowa kwa ndalama zakunja si chinthu chapafupi. Langa linakanidwa kangapo, ndipo nditalembera kampaniyo kuifotokozera mmene zinthu zilili kwathu kuno, yankho linali uthenga wokonzeratu wondiuza kuti ndiyesenso khadi lomwelo. Kubweza kachipangizoko kukanandidyera ndalama yotumizira yochuluka moti panalibe phindu. Pamwamba pa zonsezi pali foni yotentha n'kuzima yokha padzuwa la kunyanja, bandulo ya intaneti, ndi batire lofuna kutchaja tsiku limene magetsi azima. Mpaka lero zimandiwawa, ndipo aliyense wondifunsa ndimamuuza kuti asanalipire afunse wogulitsayo momveka bwino ngati chipangizocho chidzagwirebe ntchito yonse iye akadzakana kulipira pachaka. Si onse amene amachita zotere. Kamakina ka PRGR kamasonyeza liwiro la ndodo ndi la mpira pagalasi lake lomwe, kamayendera mabatire a AAA, ndipo sikafuna foni kapena ndalama ya pachaka. Amene akufunitsitsa manambala ayambire pamenepo.

Chachiwiri chimene anthu amathamangira ndi kapeti ya udzu wapulasitiki yomenyerapo mpira, ndipo pano mpamene ndimatsutsana kwambiri ndi anzanga a ku Lilongwe. Iron, ndodo ya mutu wachitsulo, ikamenyedwa bwino imayamba yagunda mpira kenako nthaka, ndiye kuti malo otsikitsitsa a ndodo amakhala patsogolo pa mpira pang'ono, mbali ya kumene ukupita. Vuto la ambiri a ife ndi kuyamba kugunda nthaka kumbuyo kwa mpira. Pa udzu weniweni cholakwikachi chimaonekera pomwepo, chifukwa ndodo imakumba ndipo mpira umagwera pafupi. Pa kapeti ndodo siikumba, imangotsetsereka kapena kudumpha n'kukapeza mpira, mpirawo n'kuuluka bwinobwino, munthu n'kumaganiza kuti wadziwa. Amatha mwezi wathunthu akuzolowera cholakwika, ndipo akafika pa bwalo amadabwa kuti luso lonse lija lapita kuti. Komanso kapeti yopyapyala yoyala pasimenti imapweteka zigongono ndi m'mikono, ndipo ikakhalitsa padzuwa lathuli imauma n'kuyamba kuthetheka.

Chimene ndimachiika pamwamba pa kapeti, ndiponso pamwamba pa zonse zogula, ndi mchenga wonyowa wa m'mphepete mwa nyanja. Pitani m'mamawa anthu asanachuluke, pezani pamene mafunde afika n'kubwerera moti mchenga ndi wolimba, ndipo jambulani mzere wowongoka ndi tee (kachikhomo koikapo mpira) kapena kamtengo. Imani kuti mzerewo ukhale pakati pa mapazi anu, pamene pakanakhala mpira, ndipo menyani popanda mpira, mukusunthira patsogolo pang'ono nthawi iliyonse motsata mzerewo. Mukamaliza bwererani mukawerenge zimene ndodo yalemba. Ngati pokumbika payambira pamzere kapena patsogolo pake, mukumenya bwino, koma ngati payambira kumbuyo, mwaona ndi maso anu chimene kapeti ikanakubisirani. Kumene pokumbikapo paloza kumanenanso zambiri, pakuti kwa munthu wa dzanja lamanja, pakaloza kwambiri kumanzere ndiye kuti ndodo ikudutsa mpira mopingasa, ndipo nthawi zambiri umu ndi mmene mumachokera slice, mpira uja wokhotera kumanja umene umatilowetsa m'tchire. Kunja amagulitsa bolodi lotchedwa Divot Board limene limasonyeza chizindikiro chomwechi, ndipo ndi chipangizo chabwino kwa munthu wa m'tauni, koma ife amene nyanja ili pakhomo tilibe chifukwa cholilipirira madola. Madzi a nyanja yathu alibe mchere, komabe mchenga umakanda nkhope ya ndodo, choncho gwiritsani ntchito iron yakale ndipo muitsuke n'kuipukuta mukamaliza. Chonde musamenye mpira weniweni kumene amayi akuchapa, ana akusamba, ndi asodzi akusoka maukonde awo.

Za neti yotchingira mpira sindinena zambiri. Ukonde wakale wa asodzi wa maso ang'onoang'ono, wopinda kawiri n'kuupachika molendewera pakati pa mitengo iwiri, umagwira ntchito yofanana ndi neti yoitanitsa kunja, bola muziuyang'ana kawirikawiri, chifukwa mpira wa gofu ndi waung'ono, mamilimita 42.67 okha, ndipo umatulukira pamalo pothaitha. Vuto la neti iliyonse n'lakuti simuona kumene mpira ukanapita, ndipo mankhwala ake ndi otsika mtengo. Pakani ufa wa choko kapena paudala pankhope ya ndodo musanamenye, ndipo mpira udzasiya chidindo pamene wagunda. Ndi driver, ndodo yomenyera kutali kwambiri, kwa munthu wa dzanja lamanja kugunda chakunsonga kumakonda kukhotetsa mpira kumanzere, pamene kugunda chakufupi ndi shaft, mpini wa ndodo, kumaukhotetsa kumanja, kotero ena amene amavutika kusintha kamenyedwe konse amakhala kuti vuto lawo ndi pamene mpira ukugunda basi.

Timitengo tiwiri toloza kumene mukumenya, timene akatswiri amayala pansi pokonzekera mpikisano, n'tofunika kwa aliyense, koma nsungwi ziwiri zowongoka kapena mapaipi opyapyala a waya wamagetsi a ku hadiweya amakwana. Kamodzi kaikeni motsata mapazi, kena kunja kwa mpira, tonse tiloze mbali imodzi.

Foni yomwe ija imene inandikhumudwitsa ndi pulogalamu yolipira ndi imenenso ili ndi chida chimene sindingachisiye, chomwe ndi kamera yojambula pang'onopang'ono. Kutsika kwa ndodo kuchokera pamwamba kufika pa mpira kumatenga pafupifupi kota ya sekondi, ndipo diso la munthu, ngakhale la caddie (wonyamula ndodo za wosewera) wodziwa ntchito, silingaone zonse. Mafoni ambiri amajambula zithunzi 120 kapena 240 pa sekondi. Chofunika ndi poimika kamerayo. Ikhale pa msinkhu wa manja, kamodzi kumbuyo kwanu molunjika kumene mukumenya, kenako kutsogolo kwanu moyang'anizana ndi chifuwa, ndipo muziimika pamalo omwewo nthawi zonse, chifukwa kamera ikasuntha pang'ono ndodo imaoneka ngati yasintha njira pamene sinasinthe. Kanemayo mutumizeni pa WhatsApp kwa mphunzitsi amene munaphunzirapo naye maso ndi maso. Ndalama imene munthu angalipire pachaka ku kampani yakunja ndi bwino ipite kwa mphunzitsi wa kwathu konkuno, amene amalandira kwacha ndipo amayankha ukamufunsa.

Pa zinthu zogula, chimene ndimachikonda poyera ndi ndodo yofewa ya mpira wolemera kunsonga. Yotchuka ndi Orange Whip, ndipo yopikisana nayo yotsikirapo mtengo ndi SKLZ Gold Flex. Ndodo zimenezi sizimenya mpira. Chifukwa chakuti zimapindika, munthu akafulumira kutsitsa ndodo ndi manja asanamalize kuikweza, kulemera kwa kunsonga kumatsalira m'mbuyo n'kumukoka, mpaka thupi limaphunzira kudikira ndi kuyambira m'chiuno. Osewera aluso amatenga nthawi yokweza ndodo yotalika pafupifupi katatu kuposa yotsitsa, pamene ambiri a ife timachita phuma pamwamba pomwepo, makamaka tikamamenya moyang'anizana ndi mphepo ya mwera. Orange Whip ili ndi cholemera china kuchigwiriro chimene chimaichititsa kukhazikika bwino m'manja, ndipo ndi imene ndimaikonda, koma amene thumba lake silikulola asachite manyazi ndi Gold Flex, chifukwa phunziro lake ndi lomwelo. Zonse ziwiri siziphunzitsa kalikonse za kumene nkhope ya ndodo ikuloza, choncho sizingathetse slice pazokha. Ubwino wake n'ngwakuti mukagula mwagula, palibe batire kapena munthu wodzakulipiritsani chaka chamawa.

Thumba lomenyapo pophunzira kaimidwe ka manja pa nthawi yogunda mpira musagule. Saka ya feteleza yodzaza ndi nsanza imakwana, koma musathiremo mchenga chifukwa mudzavulaza mikono. Henry Cotton, katswiri amene anapambana mpikisano waukulu wa The Open mu 1934, 1937 ndi 1948, ankaphunzitsa anthu kumenya tayala lakale pofuna kulimbitsa manja, koma ine tayala ndimaliopa, ndipo amene afuna kuyesa amenye pang'onopang'ono ndi ndodo yotha ntchito. Chimodzimodzi mpira wopopa wopanira pakati pa mikono, ngati Tour Striker Smart Ball, umathandiza kuti mikono iyendere limodzi ndi chifuwa, koma thaulo lopanira m'khwapa limapereka gawo lalikulu la phunzirolo, ndipo katswiri wa gofu Vijay Singh amadziwika ndi kupanira chinthu m'khwapa pochita pulakatisi.

Ndodo zowonjezera liwiro, monga zitatu za SuperSpeed, ziwiri zopepuka kuposa driver ndi imodzi yolemererapo, zimafuna kuzizunguza ndi mphamvu zonse kangapo pa sabata, ndipo kuti mudziwe ngati liwiro likukwera pamafunikanso kamakina koyezera, komwe ndi ndalama ina imene wotsatsa malonda safulumira kuitchula. Zimayenera achinyamata amene chidindo cha choko chimagwa kale pakati pa nkhope ya ndodo. Kwa bambo wa msana wovuta amene mpira ukupitabe m'tchire, liwiro lowonjezera lidzangoupititsa kutali m'tchire momwemo.

Chomaliza chimene ongoyamba ambiri sachidziwa n'chakuti malamulo a gofu a R&A ndi USGA, mabungwe oyang'anira masewerowa, pa lamulo 4.3, amaletsa kugwiritsa ntchito zipangizo zophunzirira kamenyedwe masewero ali mkati. Kulakwa koyamba chilango chake ndi kuwonjezeredwa mikwapulo iwiri pa chiwerengero chanu, kapena kuluza dzenje mu match play, mpikisano wowerengera dzenje ndi dzenje, ndipo kubwereza ndi kuchotsedwa mu mpikisano. Choncho mukapita ku Kasasa kapena ku Lilongwe, ndodo yofewa ija itenthetsereni thupi musanafike poyambira dzenje loyamba, kenako muibweze m'galimoto, ndipo muuzeni caddie wanu kuti asakuyalireni kamtengo kapena ndodo pansi pofuna kukuthandizani kaimidwe.