Nsomba ya ku Amazon, nyesi kapena mphuta: thupi lanu mungaliike magetsi a iti?

Lachitatu magetsi atathima pa Kasungu boma tinangokhala pakhonde la wometa, mashini ali zii, kasitomala mutu wometedwa theka. Mnyamata wina n'kuti, "Akuluakulu, bwanji asayansi angotiika majini a nsomba zamagetsi?" Majini a mu DNA, aja timatengera kwa makolo, osati aja a kwa sing'anga. Mkangano unabuka posankha nsomba.

Ambiri anathamangira electric eel, nsomba yonga njoka ya ku Amazon. Mtundu wake wina, Electrophorus voltai, womwe unadziwika mu 2019, umatulutsa mavolti 860, pomwe soketi ya m'nyumba ili ndi 230. Maselo ake opanga magetsi amasanjikizana ngati mabatire mu tochi. Koma ziwalo zamagetsizo zimatenga pafupifupi magawo anayi mwa asanu a thupi, mtima ndi matumbo n'kupanikizana kufupi ndi mutu. Munthu wotero nsima aziisunga pati?

Nyesi, nsomba yonga mlamba ya kumunsi kwa Shire, amandikopako. Nsomba za mtundu wake zimafika mavolti 350, ndipo chiwalo chake chimangokuta thupi pansi pa khungu ngati juzi, chiwindi osachisuntha. Vuto n'lakuti thupi lonse lasanduka waya wosenda. Ganizirani mu minibasi ya ku Lilongwe, anthu anayi pampando, thukuta lili chuchuchu, kondakitala n'kukupsetsani mtima. Mayi wobereka mwana kumbuyo ndiye tisanene.

Ndipo foni sizingatchaje zonsezi. Magetsi a nsomba ziwirizi ndi ong'anima, osakwana ndi kuphethira komwe, pomwe foni imafuna mavolti 5 oyenda mosadukiza kwa ola kapena kuposa.

Ine ndinasankha mphuta, anthu n'kundiseka. Timagetsi take n'tofooka, ukaigwira sumva kanthu. Koma imatigwiritsa ntchito ngati maso: m'madzi amatope, usiku, imazindikira mwala, chitsa kapena inzake poona mmene zasokonezera timagetsito. Mtengo wake pathupi ndi kachiwalo kakang'ono kumchira basi. N'zoona kuti zimatheka m'madzi mokha, mpweya sudutsa magetsi otere, koma amene anawolokapo Bua dzinja, madzi ali m'chiuno, phazi likufufuza pansi, sanaseke nawo.

Kasitomala uja anangoti, "Achimwene, mwa zitatuzi yomaliza mutu wangawu ndi iti?" Wometa anatsegula kabati n'kutulutsa chipeso ndi lezala.