Ndemanga: boti lahayala lowedzera nsomba za smallmouth bass pa Lake St. Clair mu Epulo

Ine ndi alamu anga tinalipira $500 kuti mwini boti wina atitenge kukawedza pa Lake St. Clair kwa maola 6, Loweruka lina chapakati pa mwezi wa Epulo. Ndikumupatsa nyenyezi 4 pa 5. Nsomba anatipezera ndithu, pa tsiku limene maboti ambiri anabwerera kugombe dzuwa lisanafike paliwombo. Nyenyezi imodziyo ndamuchotsera chifukwa cha nkhani ya zovala, ndipo mpaka lero ikundiwawabe.

Ndinakulira ku Senga Bay, ku Salima, ndiye mphepo ya panyanja si yachilendo kwa ine. Bambo anga ankati mwera ukalira usiku, bwato ulisiye pamchenga. Koma St. Clair ndi nyanja ya mtundu wina. Ili pakati pa Michigan, ku America, ndi Ontario, ku Canada, madzi ake amachokera ku Lake Huron kudzera mumtsinje wa St. Clair, n'kutulukira mumtsinje wa Detroit kupita ku Lake Erie. Yathu ija pena imazama mamita 700, pamene iyi malo ambiri ndi mamita 3 kapena 4 basi. Madzi osaya chonchi sachedwa kukwiya. Mafunde ake ndi aafupiafupi, othithikana, boti limangomenyetsa pansi osapuma.

Tinachoka ku South Bend, mzinda wa ku Indiana, Lachisanu masana, ulendo wa maola pafupifupi 4 pagalimoto. Madzulo ake mwini botiyo anaimba foni yekha. Anati mawa kuwomba mphepo yochokera kumpoto chakum'mawa, tikafuna tisinthe tsiku ndipo ndalama yachikole sitaya. Apa anachita zaumunthu. Ife tinali titalipira kale malo ogona, ndiye tinati tipita basi.

Cholakwa chake n'choti sanatiuze zovala zofunika. Uthenga umene anatitumizira sabata yathunthu ulendo usanafike unatchula chiphaso chowedzera cha boma la Michigan, chimene tinagula pa intaneti $10 aliyense cha tsiku limodzi, unatchula chakudya ndi magalasi adzuwa, kenako mawu awiri okha: valani zofunda. Ine ndinavala jinzi ndi chijasi chimene ndimapita nacho kuntchito nthawi yachisanu. Pa 6:30 m'mawa, pokwerera maboti ku Harrison Township, kunja kunali madigiri 2, madzi madigiri 7. Titangotuluka pabata, funde lililonse linkatiwaza kuchokera kumanzere. Mphindi 20 zisanathe jinzi inali itanyowa mpaka m'kati, itamatirira m'ntchafu, mphepo ikubaya ngati singano. Mwini botiyo anali ndi ovololo imodzi yokha yapadera yosalowa madzi, ndipo ndinati avale alamu poti ndi aakulu. Ine anandipatsa timapaketi totenthetsa m'manja ndi chilona choti ndifunde m'miyendo. Munthu amene amanyamula alendo pamadzi ozizira chonchi ayenera kulemba mosabisa kuti nsalu ya thonje musavale, valani za ubweya m'kati, pamwamba ovololo ndi jekete zosalowa madzi. Si aliyense anabadwira kuno. Chinanso, m'botimo mulibe chimbudzi, ndipo izinso sanatchule. Amene mukufuna kupita ndi amayi kapena ana, funsiranitu.

Pa nkhani ya chitetezo sanachite masewera. Injini sanailize mpaka tonse titamanga majekete oyandamitsa, ndipo anatiuza kuti m'madzi a madigiri 7 ngakhale katswiri wosambira manja amafa m'mphindi zochepa. Ndinamuuzanso kuti sitikufuna kudutsa malire, poti mzere wa America ndi Canada umadutsa m'nyanja momwemo ndipo chiphaso cha Michigan sichigwira ntchito kutsidya. Anationetsa mzerewo pa GPS ndipo tsiku lonse sitinauyandikire.

Ndalama zathu zinaoneka ntchito yake pa kasakidwe ka nsomba. Mphepo ija inali itavundula madzi a m'mbali, ali bii ngati a mtsinje wa Linthipe mvula ikagwa kumtunda. Iye sanaponye mbedza pamenepo. Anayenda pang'onopang'ono chakummwera, kufupi ndi St. Clair Shores, malo amene asodzi akumeneko amangowatchula ndi mayina a misewu ya kumtunda, 9 Mile, 10 Mile, 12 Mile, maso ali pamadzi. Kenako anatiloza ndi chala. Panali mzere woonekeratu pamene madzi amatope ankathera ndipo obiriwira ankayambira. Anati smallmouth imasaka ndi maso, ndiye imakhala mbali yoyera, m'mphepete mwenimweni mwa matopewo, pamene pansi pali timiyala tosakanikirana ndi mchenga. Anazimitsa injini, n'kuponya m'madzi chithumba chachikulu chansalu chomangidwa kuchingwe. Chithumbacho chikadzaza madzi chimakoka boti kuti mphepo isalithamangitse, ndipo tinayamba kuyandama mwakachetechete pamwamba pa madzi ozama mamita 3.

Nyambo yoyamba inali jerkbait, kansomba kapulasitiki kotalika ngati chala, kokhala ndi mbedza zamano atatu. Ubwino wake ndi woti ukasiya kukoka sikamira ndiponso sikayandama, kamangoima pakati pa madzi. Umaponya kutali, umagwedeza ndodo kawiri, kenako umaima. Kuimako ndiye nkhani yonse. Kwathu ncheni timaikokera nyambo mothamanga, ndipo dzanja langa linazolowera zimenezo. Kwa maola awiri ndi theka sindinagwire kanthu. Mwini botiyo sanatope nane. Anaima pambali panga n'kumawerenga mokweza, kufika 10, pena 15, ndipo ndikafuna kukoka ankangogwira nsonga ya ndodo yanga. Anandifotokozera kuti nsomba thupi lake limatsatira madzi, madzi akazizira nayonso imalemera, singathamangitse chakudya. Imabwera pang'onopang'ono, imaima kumbuyo kwa nyambo n'kumaiyang'ana, ndipo ukakoka msanga waichotsera pakamwa.

Yoyamba inadya nditawerenga kufika 12. Sindinamve kugunda kulikonse m'manja, zala zinali zitachita dzanzi. Ndinangoona chingwe chimene mphepo inali itachipinda ngati uta chikudumpha kamodzi n'kuwongoka. Nditatukula ndodo zinali ngati ndakola chitsa, kenako chitsacho chinayamba kuyenda. Sinadumphe m'mwamba monga amati imachitira nthawi yotentha, inkangoboola pansi, kuzungulira boti, mutu ukugwedezeka. Itafika mukaukonde ndinaiyang'anitsitsa. Thupi lamtundu wa mkuwa wakale, mizere yakuda yotsika m'nthiti, diso lofiira, mimba yodzaza. Pogwira inali yozizira ngati botolo lochokera mufiriji. Sikelo inati makilogalamu 1.9. Alamu anakuwa kuti, “Alamu, mwatsuka manyazi a ku Salima!” ndipo kwa kanthawi ndinaiwala kuti miyendo yanga ikunjenjemera.

Dzuwa litakwera anatisinthira nyambo, n'kutipatsa tube, kapulasitiki kofewa kobiriwira kokhala ndi mtovu m'kati, kongokhwekhwereza pansi. Kamafanizira round goby, kansomba kamutu waukulu kokhala pamiyala. Goby si wakuno. Anachokera kudera la Black Sea ndi Caspian Sea m'madzi amene sitima zikuluzikulu zimanyamula kuti zisapendekeke, ndipo anayamba kupezeka mumtsinje wa St. Clair mu 1990. Tinkhono totchedwa zebra mussel tinabwera mwanjira yomweyo, tinapezeka m'nyanjayi mu 1988, ndipo timasefa madzi mpaka kuyera. Zonsezi zawononga zambiri, koma smallmouth yapezerapo phwando, ikudya goby n'kumanenepa. Tinkhonoto ndi takuthwa ngati lezala. Mwini botiyo ankapapasa chingwe changa ndi zala pakatha mphindi zingapo, akapeza pokalika amadula n'kumanganso, manja ali ofiira ndi chisanu, osadandaula. Ndodo ndi zingwe zake zonse zinali zosamalika, ndipo nyambo ziwiri zimene tinataya sanatilipiritse.

Tonse awiri tinagwira 11. Yaikulu inali ya alamu, makilogalamu 2.3.

Palibe ngakhale imodzi imene tinapita nayo kunyumba, ndipo abale anga dziwiranitu zimenezi musanalipire. Ku Michigan bass umaloledwa kuiwedza chaka chonse koma uyenera kuibweza nthawi yomweyo. Nyengo yololedwa kuitenga pa Lake St. Clair imayamba Loweruka lachitatu la Juni, yosachepera mainchesi 14, zosapitirira 5 pa tsiku. Alamu ataigwira yawo ija anaiyang'ana nthawi yaitali n'kunena motsitsa mawu kuti, “Alamu, zoona nsomba yonona chonchi tiibwezere m'madzi?” Ndinawamvetsa. Kwathu nsomba ndi ndiwo, ndi fizi ya mwana. Koma ija inali yaikazi yodzaza mazira, ikudikira madzi afunde kufika madigiri 15 kapena kuposerapo kuti ikaikire pamiyala, pamene yamphongo imatsala n'kumalondera chisa. Ndinawakumbutsa za chilumba cha Mbenje, kumene mfumu imatseka usodzi nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane, ndipo asodzi amamvera. Mwini botiyo anatiuza kunyowetsa manja tisanaigwire, kuichirikiza pamimba ndi dzanja linalo, kujambula chithunzi chimodzi mwachangu. Alamu anaitsitsa okha m'madzi, anaigwira kumchira mpaka inadzimenya yokha n'kulowa pansi.

Itangodutsa 11:30 mphepo inakula, mafunde anayamba kuyera pamwamba, ndipo iye anati tizipita ngakhale nthawi yathu inali isanathe. Sindinatsutse, milomo yanga inali italeka kumvera. Anayendetsa mopingasa mafunde, pang'onopang'ono, ulendo wobwerera unatenga kawiri nthawi ya m'mawa ija. Pagombe anatichotsera $50 osapemphedwa. Kuno mwambo ndi kumuwonjezera kangachepe munthu wakugwirira ntchito, ndiye tinamusiyira $80, ndipo ndinamuuza maso ndi maso za uthenga wake uja. Anapepesa, anati aulembanso.

M'galimoto ndinakhala mphindi 30 hita ili pamwamba ndisanathe kugwira bwino chiwongolero. Sabata yotsatira ndinagula ovololo yanga yosalowa madzi ndi masokosi a ubweya, ndipo tasungitsa kale malo kwa munthu yemweyo sabata yoyamba ya Meyi.