Feliway Classic: Musaiyese ndi Mkonono wa Mphaka

Ambiri ogula Feliway Classic, mankhwala a fungo okhazika pansi mtima wa mphaka, amayembekezera kuti akangoilumikiza ku magetsi, mphaka wawo wamantha uja ayamba kuwakhala pamiyendo n'kuliza kamkonono kake ka pakhosi. Sabata ikatha osamva kalikonse, amati ndalama zalowa m'madzi. Muyeso umenewo ngolakwika.

Mkonono umene mphaka amaliza ali maso umachokera pakholingo. Timinofu ta mawu timanjenjemera maulendo 25 mpaka 150 pa sekondi, pokoka mpweya ndi poutulutsa pomwe, n'chifukwa chake phokosolo silidukiza. Mu 2023 gulu la asayansi lotsogoleredwa ndi Christian Herbst ku Vienna, m'dziko la Austria, linasonyeza kuti m'timinofumo muli timinyewa tofewa ngati kapilo, timene timathandiza kanyama kakang'ono chotere kutulutsa mawu a besi. Koma amphaka safanana. Mkonono wa mphaka wina dzina lake Merlin, wa ku Torquay ku England, unafika madesibelo (muyeso wa kukula kwa phokoso) 67.8 mu 2015, pamene ena simungawamve mpaka mutaika chala pakhosi pawo, ndipo ali bwinobwino. Komanso mphaka amaliza mkonono akamaswa, akavulala, ngakhale ali pafupi kufa.

Feliway amapanga ndi a kampani ya Ceva ya ku France. M'botolo muli mankhwala otengera fungo limene mphaka amasiya akamakhulitsa tsaya lake pamwendo wa tebulo kapena pafelemu la chitseko. Fungolo limamuuza kuti pano m'pakwathu. Munthu salimva, ndipo si mankhwala ogonetsa.

Kachipangizo kolumikiza ku magetsi kamabwera ndi botolo la 48 ml. Kamatenthetsa chingwe chimene chimakoka mankhwalawo ngati cha nyali ya palafini. Botolo limodzi limatha masiku pafupifupi 30 ndipo limakwanira malo ofika 70 sikweya mita. Kachipangizoko kasinthidwe pakatha miyezi 6. Kaikeni m'chipinda chimene mphaka amakhalitsamo, botolo litaima chilili, osati kuseri kwa sofa, kwa katani kapena pansi pa shelefu, chifukwa nthunzi yake imangomata pamenepo. Opanga amaletsa kukalumikiza pa ekisitenshoni kapena pa adaputa, choncho ngati muli ku Malawi kapena ku Zambia pezani ka pulagi ya mano atatu ya ku UK. Kochokera ku America n'ka magetsi ochepa mphamvu, sikagwirizana ndi 230V. Kamafunika kuyaka usana ndi usiku, ndiye kumene magetsi amazimazima ntchito yake imachepa ndithu.

Palinso Feliway yopopera, ndipo kwa ife imeneyi ndiyo yoyenera ndalama zake. Poperani maulendo 8 mpaka 10 m'kabokosi konyamulira mphaka, m'makona ndi pansi pomwe, kenako dikirani mphindi 15. Ambiri amalakwitsa pomwepa: mankhwalawa anasungunulidwa mu sipiriti, ndipo mukalowetsa mphaka fungo la sipiritilo lisanauluke amadana nako kabokosiko kuposa kale. Mphamvu yake imakhala maola 4 kapena 5, okwanira ulendo wa kwa dokotala wa ziweto. Musapopere mphaka weniweniyo.

Imagwiradi ntchito? Pa mphaka wothira mkodzo m'makoma chifukwa cha nkhawa, wosamukira nyumba yatsopano, kapena woopa galimoto, ambiri amasintha, ena sasintha n'komwe. Akatswiri amene anaunika kafukufuku wa mankhwala oterewa mu 2010 anati umboni wake unali wosakwanira, ndipo sitinganene kuti mtsutsowo unatheratu. Ipatseni mwezi wathunthu, muziwerenga zinthu zooneka: malo othiridwa mkodzo akuchepa? Akudya? Akutuluka kunsi kwa bedi? Amphaka awiri omenyana afunika mtundu wina, Feliway Friends, ndiponso mbale ndi mabokosi a mchenga odzithandiziramo aliyense lake, kuwonjezapo limodzi.

Mtengo ndi wowawa, poti botolo ndi la mwezi ndi mwezi. Musanagule, fulitsani mphaka wamwamuna, chifukwa ambiri amasiya kuthira mkodzo akafulidwa. Pokolopa pamene wakodza musagwiritse mankhwala okhala ndi amoniya. Fungo lake likunga mkodzo ndipo amabwereranso pomwepo. Sopo waufa wokhala ndi ma enzyme (tinthu tophwanya litsiro) wosungunula m'madzi ofunda amachotsa bwino.

Pali vuto lina limene Feliway ingakuchedwetseni nalo. Mphaka wamwamuna akamapitapita kubokosi, n'kumadzikakamiza koma kumangotuluka timadontho kapena osatuluka kanthu, mwina njira ya mkodzo yatsekeka. Akhoza kuliza mkonono mukamamusisita, koma chikhodzodzo chikudzaza, ndipo pakadutsa tsiku limodzi kapena awiri impso zimayamba kulephera. Ameneyo mupite naye kwa dokotala tsiku lomwelo.